Zikomo a Madala, Simba wakhazikika ndipo sitikusamukanso

Abale anga, eni nyumba abwera madzulo ano. Anakhala pakhonde, tinawapangira tiyi, Simba anabwera kudzawanunkhiza nsapato n'kubwerera kukagona pansi pa mtengo wa mango. Atamaliza tiyi anati, "Mayi, za kusamuka zija iwalani. Galu wanu wasintha." Atangotuluka pageti miyendo inandithera mphamvu, ndinakhala pansi pamasitepe n'kuyamba kulira. Mpaka pano manja akunjenjemera, ndiye pena ndikalemba mopotoka mundikhululukire. Ndati ndisagone ndisanathokoze.

Ambiri a inu nkhaniyi mukuidziwa. Mwana wanga ananyamuka ulendo wa ku Joni mu Febuluwale n'kundisiyira kagalu ka miyezi 4, kosakanizika ndi German Shepherd. "Amayi, mundisungire, akakula azikulonderani." Zimene zinatsatira munaziona nokha muno mu Chilomoni. Zovala zapachingwe, neti ya udzudzu, paipi ya madzi kuseri, mpiru wanga wonse m'kadimba, yunifolomu ya mdzukulu wanga itangosokedwa kumene. Nkhuku 6 za aneba, zonse ndinalipira. Usiku kuuwa mpaka mbandakucha, anthu ogwira ntchito osagona.

Ndiyambe ndi Mulungu, chifukwa pa miyezi imeneyi pali masiku amene pemphero langa linali la mawu atatu okha: Ambuye, ndatopa ine. Anamva. Yankho lake analituma litavala jekete ya ulonda, litanyamula kachikwama ka mpukutu wa buledi.

A Madala, bambo anga, sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Foni yanu ndi ya mabatani, mawu awa simuwaona, koma mdzukulu wanga akuwerengerani mawa m'mawa ndipo mumve onse, musamudule pakati monga mumachitira ndikayamba kuthokoza.

Musanabwere inu, ine ndinkatsatira zimene tonse tinakula tikumva, zoti galu azikhala m'khola tsiku lonse asamaone anthu, kuti usiku akhale wolusa. Khola lake linali la njerwa, denga la malata, loti sangatembenuke bwino. Ndinkamutsekera 7 koloko m'mawa popita kumsika ku kaunjika wanga, kumutsegulira dzuwa litalowa. Akatuluka ankakhala ngati wapenga, kuzungulira nyumba kambirimbiri, kudumphira aliyense, chilichonse chimene wapeza n'kukamwa. Tsiku lina mdzukulu wanga anamumvera chisoni n'kumulowetsa m'nyumba asanapite kusukulu. Nditabwera ndinapeza siponji ya sofa ili mbwee chipinda chonse, mpaka pansi pa tebulo. Ndinatenga chidutswa cha paipi n'kumumenya. Anadzipinda pakona, makutu atagona, n'kudzikodzera. Maso ake aja sindidzawaiwala. Usiku umenewo sindinadye.

Kenako linafika Lachiwiri lija la mu Juni. Kamwana ka aneba kankathamanga ndi chitumbuwa m'manja, Simba anadumpha kuti atsomphole, dzino linakang'amba pamkono. Magazi, kukuwa, mayi ake akulira kuti chiwewe. Apa ndithokoze anamwino athu a nyumba yachitatu, asisi anga, amene munatuluka ndi chitenje chokha, n'kumugwira mwanayo pampopi, kutsuka bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 mukuyang'ana nthawi pafoni, kenako n'kupita naye nokha kuchipatala. Munatiphunzitsa tonse tinaima pamenepo kuti kutsuka kumeneko ndi koyamba, zina zonse pambuyo. Ndithokozenso a Mission Rabies, amene akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe mwaulere muno mu Blantyre kuyambira 2015. Mdzukulu wanga ndi amene anamukokera Simba kusukulu yapulaimale Loweruka lina kukabayitsa, ine ndikuti ndilibe nthawi. Kapepala ka katemera kameneko ndi kamene kanaletsa anyamata amene anali atatola kale miyala. A vetenale anati timusunge masiku 10 tikumuyang'anitsitsa, chifukwa galu amene anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma safika masiku amenewo ali bwinobwino. Anafika ali bwino, mwananso bala linapola. Koma masiku 10 a m'khola osatuluka anamuwonjezera misala, ndipo eni nyumba ananena mawu awo: pofika kumapeto kwa Ogasiti, achoke galu kapena muchoke inu.

Ndi sabata imeneyo pamene munagogoda pageti, a Madala. Munati mumadutsa pano m'mawa uliwonse poweruka ku ulonda ndipo kulira kwa galuyo kukukusowetsani mtendere. "Mayi, ameneyu si wolusa ayi. Akupempha." Ine ndinali nditatupa maso, ndinangoti lowani mudzionere.

Zimene munachita tsiku limenelo ndimazionabe ngati ndi dzulo. Munatembenuza ndowa n'kukhalapo chammbali, osamuyang'ana galuyo m'maso, n'kundiuza kuti nditsegule khola ndipo ndisalankhule kanthu. Anatuluka ngati chipolopolo. Anakudumphirani pamsana, anakoka mwendo wa thalauza mpaka unang'ambika, anauwa m'khutu mwanu. Inu duu, manja pamaondo. Kenako munapisa m'thumba n'kuponya kabonya kamodzi pa udzu. Kena uko. Kena kuseri kwa mtondo. Mphuno inatsika pansi. Anayamba kufunafuna, mchira ukutsika pang'onopang'ono, kuuwa kunatha. Patapita nthawi yoti madzi a tiyi n'kuwira kawiri, anabwera yekha, anazungulira kamodzi, n'kugona pafupi ndi phazi lanu, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Chibwerereni m'nyumba muno ndinali ndisanamuonepo atagona masana ndi maso anga.

Munandiuza kuti munakula mukupita ku uzimba ndi bambo anu kwanu ku Neno, ndipo munagwirapo ntchito ndi agalu a ulonda zaka zambiri musanakalambe. Munati galu wa mtundu umenewu anawetedwa kuti azitsatira nkhosa tsiku lonse, ndiye ukamutsekera m'kabokosi mphamvuzo zimatulukira m'mano. Munamutsegula kukamwa n'kundionetsa mano oyera atsopano, kuti a ukhanda 28 aja anagwa ndipo amera 42, ndipo pa miyezi imene ankamera nkhama zinkamuyabwa, n'chifukwa chake anayamba kutafuna, kenako chinangosanduka chizolowezi poti panalibe wina womupatsa choti atafune. Za kumenya zija simunandidzudzule. Munangoti, "Mukamumenya madzulo chifukwa cha sofa ya m'mawa, iye sadziwa za sofa. Amangodziwa kuti amayi akalowa pageti, kwaopsa." Mawu amenewo anandilasa kuposa chitonzo chilichonse chimene ndinamva m'miyezi yonseyi.

Ndiye munayamba kubwera. Tsiku lililonse, 6 koloko, mutachezera usiku wonse pageti la eni ake, maso ali psuu. Mwezi wa Julayi wonse, chiperoni chikuwaza, Michiru osaoneka ndi nkhungu, inu patsogolo ndi chingwe chachitali, ine pambuyo ndi zambatata zanga zonyowa. Ndinkafuna tiziyenda mwachangu kuti atope msanga, inu n'kumati ayi, musiyeni anunkhize, mphuno imatopetsa galu kuposa miyendo. Tinkatha kuima pa chitsa chimodzi mpaka ine kuyamba kuyang'ana nthawi. Akakoka chingwe, munkangoima ngati mtengo mpaka abwerere yekha, ndiye n'kupitiriza. Masiku oyamba kuchoka pageti kukafika pamsewu waukulu kunkatitengera theka la ola.

Khola lija munaligwetsa mbali imodzi ndi manja anu. Munamanga waya kuchokera pa mango kukafika pa mtengo wa mapeyala kuti chingwe chizitsetsereka, akhale pamthunzi, madzi ali pompo, aziona anthu akudutsa. Mbale yake munaiika padera, n'kuti nsima yake ya mgaiwa ndi bonya tiziimwaza timibulu pa udzu azisaka yekha. Majinzi a mu belo langa amene anakana kugulidwa munawadula n'kuwaluka chingwe chokhuthala chokokerana naye. Fupa lalikulu laliwisi la ng'ombe la kubutchala, inde. Mafupa ophika a nkhuku, ayi, amasweka ngati singano. Chitsononkho ayi, chimatseka matumbo, pamene ine ndinkamuponyera dala kuti azisewera nacho. Akadumphira munthu, tonse kutembenuka, kupinda manja, osamukankha, osakuwa, mpaka miyendo inayi ikhale pansi. Ndipo mawu akhale amodzi nyumba yonse. Khala. Bwera. Siya. Mukati siya, mumupatse china m'malo mwake, asaone ngati mwamulanda. Munamukhazika pansi mdzukulu wanga ngati mwana wanu n'kumuuza kuti masewera othamangitsana pabwalo athe, chifukwa ndi amene amaphunzitsa galu kuti chothamanga n'chogwira.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi tulo. Ine ndinkaganiza kuti galu wosakhazikika amafunika kumuthamangitsa mpaka agwe. Inu munati akabwera koyenda, adye, kenako pakhale bata, wina asamuitane, wina asamugwire. A vetenale atabwera kudzamufula ndi kumupatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa anavomereza zomwezo, kuti kagalu kakang'ono kamagona mpaka maola 18 patsiku, ndipo kakasowa tulo kamavuta ngati mwana wa msinkhu woyamwa. Ananenanso mosabisa kuti kufula kumachepetsa kuyendayenda kofuna akazi koma sikuphunzitsa khalidwe. Zikomo adokotala chifukwa cha chilungamo chimenecho, ndiponso polola kuti ndilipire kawiri.

Sizinayende mowongoka ayi. Sabata yachitatu anadula chingwe n'kung'amba chitenje changa cha Mvano chili pachingwe. Ndinakuuzani kuti basi, mutengeni mupite naye ku Neno. Munatola zidutswazo, kuzipinda bwinobwino, kundipatsa m'manja, n'kuti, "Mawa 6 koloko, mayi." Ndinakwiya nanu tsiku limenelo. Mundikhululukire.

Nanga tsiku la thadzi lija? Sabata ziwiri zapitazo, thadzi la aneba omwe aja linalowa pansi pa geti ndi anapiye ake. Simba anali pa chingwe chachitali, ine ndinagwira kumapeto, mtima uli m'khosi. Anaimika makutu, thupi lonse gwaa, mwendo umodzi m'mwamba. Inu munali kumbuyo kwanga, munanong'ona kuti, "Musakoke. Nenani kamodzi." Ndinati, "Siya." Ananjenjemera, anayang'ana anapiye, kenako anatembenuza mutu n'kundiyang'ana ine. Ndinamupatsa bonya yense anali m'thumba la epuloni. Thadzi linadutsa pabwalo lonse n'kutuluka. Nditacheuka ndinakuonani mukupukuta m'maso ndi chipewa.

Ndalama munakana. Katatu konse. Munati tiyi wa mkaka ndi wokwanira, ndipo munanditchulira Miyambo 12:10, kuti wolungama amasamala moyo wa chiweto chake. Thalauza lija munang'ambiridwa tsiku loyamba mukuvalabe ndi chigamba. Mulungu wa kumwamba akukumbukireni, bambo. Akupatseni mphamvu m'mawondo amene mumadandaula nawowo, akutetezeni usiku pageti pamene ena tili m'tulo, ndipo ana anu adzakusamaleni monga mwasamalira cholengedwa chimene sichinali chanu.

Amayi a ku Mvano amene munasonkha kuti ndilipire nkhuku zija, zikomo. Amzanga a kumsika amene munkandiyalira kaunjika ndikachedwa ndi maulendo a m'mawawa, zikomo, simunanditengere ngakhale kobiri. Amake a mwana amene analumidwa, inu ndiye munali ndi chifukwa chodana nane, koma ndinu amene munapita kwa eni nyumba kukanena kuti galuyo wasintha. Ndamva lero. Sindinadziwe. Ndibwera mawa.

Koma pali ena. Amene munajambula vidiyo tsiku la nkhuku, ine ndikulira pakati pa nthenga, n'kuiponya pa gulu la WhatsApp. Amene munandinong'oneza kuti ndingomuthirira tameki mu nsima nkhani ithe. Amene munafalitsa kuti galu wotere si galu wamba, mwana wanga anasiya zizimba kuti akalemere ku Joni, pamene mwanayo akutsuka magalimoto m'chisanu. Ndi achibale amene munalonjeza kuti mubwera Loweruka kudzamanga mpanda, foni mpaka lero ikungoitana. Sindikutchulani maina ndipo ndikakumana nanu ndikupatsani moni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu amene sanali m'bale wanga, amene ndinkangomupatsa moni wa pamsewu, ndi amene anagogoda.

Mwana wanga, ndikudziwa uwerenga izi ukaweruka. Galu wako ali ndi miyezi 10 tsopano, wafika m'chiuno mwanga. Sanasanduke mngelo, dzana lomweli wakumba dzenje pafupi ndi bafa, ndipo a Madala akuti mpaka adutse chaka ndi theka tiziyembekezera zoterezi. Koma usiku amauwa pokhapokha pakhale chifukwa. Ukatumiza kangachepe mwezi uno, usaike za ine. Tiwagulire a Madala thalauza ndi nsapato za mvula, akane asakane.

A Madala, Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi mubwere ndi amayi kunyumba. Ndagula tambala wachikuda, kwa aneba omwe aja, ndipo mpunga wa Kilombero ulipo. Musabwere ndi bonya m'thumba tsiku limenelo, mubwere ngati mlendo.

Simba wagona pakhomo la khitchini, mutu uli pa chingwe chake cha jinzi. Ndatchera alamu ya 5:30.