Nambala imene inandigonetsa mochedwa: 2,147,483,647

Sabata ino ndakhala ndikulimbana ndi nambala imodzi yokha, 2,147,483,647. Funso linali lalifupi: kodi pali nambala ina imene ingaigawe popanda zotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe? Ngati palibe, ndiye kuti ili m'gulu la manambala amene pa masamu amati prime.

Zoyambirira zinali zosavuta. Imathera ndi 7, choncho 2 ndi 5 zagwa. Manambala ake khumiwo ukawaphatikiza akupereka 46, yomwe sigawika ndi 3, ndiye 3 nayenso wagwa. Kenaka ndinatenga kakyuleta n'kuyamba kugawa ndi 7, 11, 13, 17, kumapita. Nditafika pa 97 chala chinali chitatopa, pepala litadzaza zotsala zokhazokha. Nditawerengetsa bwino ndinaona kuti ndiyenera kuyesa mpaka 46,340, chifukwa 46,341 ukaichulukitsa ndi iyo yomwe yapitirira kale nambala yanga. Pamenepo mphwayi zinandigwira.

Chimene ndinalakwitsa n'chakuti sindinafunse kumene nambalayi ikuchokera. Ukachulukitsa 2 ndi 2 mpaka ma 2 akwane 31, n'kuchotsapo 1, ndi imeneyi. Manambala opangidwa motere amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1648. Poyamba ndinkayesa kuti kuchuluka kwa ma 2 kukakhala prime ndiye kuti zotsatira zake nazonso ndi prime. Ayi ndithu. Ma 2 okwana 11 kuchotsapo 1 akupereka 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Koma tayang'anitsitsani 23 ndi 89. Woyambayo ndi 22 kuwonjezera 1, winayo ndi 88 kuwonjezera 1, ndipo 88 ndi ma 22 anayi. Sizinangochitika mwangozi. Kuchuluka kwa ma 2 kukakhala prime woposa 2, prime aliyense wogawa nambala ya mtunduwu amakhala wotero: utenge kuchuluka kwa ma 2 kuja, uchulukitse ndi 2, uchulukitsenso ndi nambala ina, uwonjezere 1. Kwa nambala yanga, ndiye kuti oyesedwa ndi okhawo amene ukawagawa ndi 62 patsala 1. Ma 7 ndi ma 13 anga aja ndinangotaya nawo nthawi. Pa mndandanda watsopanowu 63, 125, 187 ndi 249 si ma prime, woyamba weniweni ndi 311. Ndinagawa pamanja, panatsala 35.

Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anadutsa njira yonga yomweyi, anachepetsanso mndandandawo kuposa apa, ndipo mu 1772 anatsimikiza kuti nambalayi ndi prime. Nthawiyo maso ake anali atafa kale pafupifupi kotheratu. Ine ndi maso anga awiri ndinaima pa 311.

Ilinso m'magulu ena. 31 mwiniwakeyo ndi ma 2 asanu kuchotsapo 1, ndiye nambala yanga ndi ya Mersenne kawiri. Ukaichulukitsa ndi ma 2 okwana 30 upeza 2,305,843,008,139,952,128, nambala yofanana ndi 6 ndi 28 pa khalidwe: zoigawa zake zonse, kupatula iyo yomwe, ukaziphatikiza zimabweza nambala yomweyo, monga 1, 2, 4, 7 ndi 14 zibweza 28.

Anthu a makompyuta amaidziwa pa chifukwa china. Ndiyo nambala yaikulu kwambiri imene imakwana m'ma bit 32 (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1 m'kompyuta) pamene bit imodzi yasungidwira chizindikiro cha kuchotsa. Makina amene amawerenga masekondi motere kuyambira pa 1 Januwale 1970 adzafika pa 2,147,483,647 pa 19 Januwale 2038. Mawa ndiyesa 373, amene ndi wotsatira pa mndandanda wanga.