Tsiku limene ndinagwetsa mvula ku Tete

Ine kwathu n'ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe, kumene mwezi wa Juni timafunda mabulangete awiri ndipo m'mawa madzi a m'ndowa amaluma zala. Musanayambe kundiseka, mukumbukire kaye zimenezo.

Chidutsireni namondwe Ana mu Januwale 2022, uja anadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, kenaka Freddy mu Malichi 2023, misonkhano ya zanyengo yachuluka ngati bowa. Kalata inafika yoti kalabu yathu ya alimi a kachewere itumize munthu mmodzi ku Tete. Anzanga analoza ine, ati ndimadziwa Chipwitikizi. Kunena zoona, Chipwitikizi changa chimathera pa moni ndi kuwerenga ndalama.

Mayi a kunyumba anatulutsa jekete yakuda ya paukwati wathu, yokhuthala ngati chiguduli. "Bambo, kumeneko kukakhala mabwana. Musakativule." Ndinavala, tayi ndinamanga, ndi kukwera chapa, minibasi ya kwathu kuno. Umenewu ndi mwezi wa Okutobala. Pofika ku Moatize malaya anali atandikakamira kumsana, ndipo powoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel ndinkangoyang'ana madziwo ngati mwana woyang'ana mphika wa nyama.

Masiku awiri oyamba zinayenda bwino, chifukwa m'chipinda cha msonkhano munali makina oziziritsa. Ndinafunsako ngakhale funso, anthu n'kuwomba m'manja. Tsiku lachitatu anati tikwere basi tikaone kumene amayezera nyengo.

Tinafika dzuwa likuyandikira paliwombo. Anatilowetsa m'kachipinda ka makompyuta, anthu makumi atatu mothithikana, mnyamata wina akufotokoza za mitambo imene amaiona kuchokera kumwamba. Ine maso anayamba kuchita chidima. Ndinasuzumira uku ndi uku, ndi kuzemba mwakachetechete.

Kuseri kwa nyumbayo kunali kabwalo kotchingidwa ndi waya, chitseko chake chili pululu. Pakati pake, pa timatabwa, panali chibeseni chachitsulo chachikulu, chozungulira, kupitirira mita m'mimba mwake, madzi ali tho. Mumtima ndinati, anthu a ku Tete amadziwa kulandira alendo, aganizira ife a kumapiri.

Ndinavula jekete. Pafupi panali kabokosi koyera ka miyendo italiitali, kokhala ndi timipata ngati khola la nkhunda. Nkhunda sindinazione, ndiye ndinayala jeketeyo pamwamba pake, manja ake akulendewera mbali zonse. Kenaka ndinagwada. Ndinayamba mwaulemu, kumaso kokha. Koma madzi akakoma amakoma. Ndinatunga ndi chipewa, khuthu pamutu, khuthu kachiwiri, kachitatu, mpaka ndinasiya kuwerenga. Ndinaviika kathaulo kanga, ndi kupukuta m'khosi ndi m'khwapa. Nsapato ndinavulanso, zimenezi sindinauzepo munthu mpaka lero.

Pomaliza ndinafuna pofinyira kathauloko. Ine ndinaleredwa bwino, sindithira madzi akuda paliponse pakhomo pa eni. Ndinaona kachitini kataliko, kukamwa kwake kuli ngati fanulo yothirira palafini. Ndinati apa ndiye potayira. Ndinafinya, ndi kuviikanso, ndi kufinyanso. Ndiye ndinakakhala pamthunzi wa khoma, mtima uli m'malo, ndikuyamika Chauta.

Posakhalitsa gulu lija linatulukira, patsogolo pali mtsikana wogwira ntchito pamalopo, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, kabuku m'manja. Ndinalowerera kumbuyo ngati ndinali nawo nthawi yonseyi.

Anaima pa chibeseni chija. "Ichi," anatero, womasulira akutsatira m'Chichewa, "chimatiuza madzi amene dzuwa ndi mphepo zimamwa patsiku. M'mawa uliwonse timayeza kuti atsika mamilimita angati. N'chifukwa chake tinatchinga ndi waya, kuti mbuzi zisamwemo."

Mawu oti mbuzi anandilasa penapake.

Anawerama kuti ationetse kayezedwe kake. Anayang'ana, anapukuta magalasi, ndi kuyang'ananso. Anatsegula kabuku. Anati madzi amene dzuwa likadamwa tsiku lonse atha m'maola awiri okha. Mkulu wina wa tayi, amene dzulo lake anakamba nthawi yaitali za kusintha kwa nyengo, anagwedeza mutu mwachisoni. "Mwaonatu zimene ndimanena zija." Anthu anayamba kulemba m'makope.

Ine chete. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Mtsikanayo anapita pa kachitini kaja. Anafotokoza kuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, ndipo anati, "Lero muona chopanda kanthu, poti mvula sinayambe." Anatsegula, ndi kupendeketsa m'kagalasi ka mizeremizere mongotisonyeza. Madzi chuu. Mamilimita asanu.

Tonse tinayang'ana kumwamba. Kunalibe ngakhale kamtambo kongapusitsa nako mwana. Inenso ndinayang'ana nawo, kwa nthawi yaitali kuposa onse.

Bambo wina wa ku Furancungo anali atatulutsa kale foni kuti auze akwawo akonze mbewu. Koma mayi wina wa ku Tsangano, wa maso akuthwa, anatenga kagalasiko ndi kukanunkhiza. "Mwana wanga, mvula ya kuno imagwa ndi mafuta odzola?"

Apo mtsikana uja anacheuka n'kuona kabokosi koyera katavala jekete. Anafuula mawu a Chipwitikizi amene womasulira sanawamasulire. Anathamanga, kuichotsa, ndi kutsegula kachitseko. M'katimo munalibe nkhunda. Munali timagalasi toyezera kutentha. Anatiuza, mawu akunjenjemera, kuti bokosilo amalipaka utoto woyera kuti lisamwe dzuwa, timipatato n'toti mphepo izidutsa, ndipo kuno kumwera kwa dziko kachitseko kake kamayang'ana kumwera kuti dzuwa lisalowemo potsegula. Anthu anaganiza zonsezo mosamala, ine n'kubwera kudzalifunditsa chiguduli chakuda. Anaonjeza kuti manambala a pamalopo amapita ku Maputo, ndipo amagawana ndi mayiko ena kudzera ku bungwe la zanyengo la dziko lonse, limene likulu lake lili ku Geneva. Ndinaona m'maganizo azungu atazungulira tebulo, akudabwa ndi mzinda umene mvula, chilala ndi moto zafika pa ola limodzi.

"Jekete iyi ndi ya ndani?"

Zii. Ndikadatha kuikana, ngakhale ndi ya paukwati. Koma pachifuwa pake panali kakhadi ka msonkhano, dzina langa ndi chithunzi changa ndikumwetulira. Anthu makumi atatu anatembenuka pamodzi. Anapeza munthu mmodzi yekha wosatuluka thukuta, tsitsi likudontha, tayi ili nyowe, sokosi imodzi ikusuzumira m'thumba la buluku.

"Madala," anatero mtsikanayo, akulimbana ndi milomo yake, "mwasamba bwino?"

"Ndasamba, mwana wanga. Zikomo."

Chiphwete chimene chinaphulika pamenepo ndikhulupirira anachimva kutsidya kwa Zambezi. Mkulu wa tayi uja yekha ndiye sanaseke, anali kalikiliki kufufuta m'kope mwake. Ine anandipatsa ndowa, ndinatunga madzi ndi kudzazanso chibesenicho mpaka pamzere wake, mtsikanayo akulemba m'kabuku chifukwa chimene manambala a tsikulo asakhulupiridwire. Ndinapempha kuti alembe kuti inali mbuzi. Anakana, ati mbuzi sivala jekete.

Kunyumba ndinangonena kuti msonkhano unayenda bwino. Zinabisika mpaka tsiku lina mvula itachedwa, foni inalira tikudya nsima, mayi a kunyumba n'kuyankha. Anali mayi a ku Tsangano aja.

"Muwauze bambowo kuti kuno sinagwe. Abwere ndi kathaulo kawo."