Furiji sinabedwe, chonde

Popeza kavidiyo kaja kafika kale mpaka pa gulu la WhatsApp la anzanga akusukulu, ndiloleni ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu. Inde ndine. Inde ndinanenadi pa maiki. Koma palibe furiji ya munthu inabedwa, ndipo inu amene mukundiimbira usiku kufunsa ngati apolisi aipeza, Mulungu akukuonani.

Oyenera kulankhula tsiku lija anali alamu anga, iwowo ndiye anaphunzira zaulimi. Ine ndinangopita kukayala mipando kutchalitchi kwathu ku Chilenje muno mu Lusaka, pa msonkhano wa ife amene tili ndi timinda ku Chongwe. Manje alamu atsekeredwa mu jamu pa Great East Road, anditumizira pepala pa foni ati mlamu ingowerenga, ndi za mbozi zodya chimanga basi. Mbozi zomwe zija zinatilizitsa kumapeto kwa 2016 mpaka boma kutumiza asilikali kukathandiza kugawa mankhwala, agogo kumudzi amangoti ntchemberezandonda. Ndikanatchula dzina limeneli bwenzi lero ndikuyenda ndi ulemu wanga.

Koma ayi, ndagwira maiki, ndaona azimayi akhala mwaulemu ndi zitenge zofanana, chizungu chandikwera kumutu. Mzere woyamba ndadutsa ngati wowerenga nkhani pa wailesi, zoti mbozizi kwawo ndi ku America. Pa mzere wachiwiri ndipo panali msampha, mawu awiri opendekeka, dzina la mbozizi kwa asayansi: Spodoptera frugiperda.

Anzanga, lilime la Mchewa silingaike s ndi p pamodzi osapumira pakati, n'chifukwa chake timadyera sipuni. Ndiye ndayamba, sipodo... sipodo... thukuta layamba kuyenderera mu jekete ya salaula ija, sipodo pitera! Mkulu wina kumbuyo wagwedeza mutu ngati akuti limba mwana. Ndalimba mtima, ndayang'ana liwu lachiwiri, nalo landiyang'ana. Furiji... furiji pedwa... ndipo apa lilime, poona kuti mwini wake wasochera, langoganiza zomaliza lokha chiganizo m'chilankhulo chimene limadziwa. Sipika ili pa voliyumu yonse: furiji yabedwa.

Zii.

Agogo ena kutsogolo aika dzanja kukhutu, ati ya ndani mwanawe? Ndisanatsegule pakamwa amayi osunga chuma anyamuka, chitenge m'manja, liwiro kulowera kukhitchini kukaona furiji ya mpingo imene tinasonkherana miyezi 8. Awiri awatsatira, wina wanyamula mpando wanga womwe ndinayala ndekha ngati chida. Bambo wina wayamba kale kunena kuti iye ankamukayikira kale mnyamata amene anabwera kudzakonza mawaya uja, wina ati ndi kuzimazima kwa magetsi kuno wakubayo wangosenza kabati yachabe, agogo aja ayambitsa pemphero loti wakubayo asapeze tulo, anthu akuvomera ameni, ine ndili chilili kutsogolo ndi foni m'manja kukuwa kuti ayi ndi mbozi, ndi mbozi, winanso ati eh mbozi zalowanso mufuriji?

Amayi aja abwerako akupuma wefuwefu, ati ilipo, koma fanta imodzi ikusowa. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ine sindinamwe.

Tsono mundiweruze mwachilungamo. Dzinali ndi Chilatini, analipereka mzungu wina mu 1797, iye anamwalira kalekale, Aroma eni chilankhulo nawo kulibe, ndiye ndani wa inu angalumbire kuti amadziwa katchulidwe kake? Alamu atafika, atatha kuseka mpaka kukhala pansi pa simenti, anandiuza kuti frugiperda tanthauzo lake ndi chipatso chotayika. Mwamva? Chotayika. Ndiye kuti mfundo ndinaigwira, ndinangophonya katundu wake. Ndipo mzungu aliyense woseka abwere anene ntchemberezandonda katatu osaluma lilime, ndimugulira chibuku.

Patsamba lachiwiri panalinso Faidherbia albida. Ndinangoti msangu, mtengo uja umayoyola masamba nthawi ya dzinja chimanga n'kumakula bwino pansi pake, anthu onse anamva, palibe anathamanga.

Ana a Sande sukulu manje akundiitana ankolo Furiji. Mipando ndinabwezabe ndekha.