Madimba a ku Cuba: ndiwo zinapezeka, nanga nsima?

Semesita ino pa kosi ya ulimi ndi chakudya gulu lathu anatipatsa Cuba, eti tifufuze ngati chilumba chingathe kudzidyetsa chokha osadalira sitima zobweretsa chakudya. Ndalemba pano kuti zisandithawe mayeso asanafike.

Nkhani yonse imayambira pa shuga. Kwa zaka zambiri Cuba inkalima nzimbe m'minda ikuluikulu ya boma n'kumagulitsa shugayo ku Soviet Union pamtengo wokwera kuposa wa kumsika wamba, Cubayo n'kumalandirako mafuta, feteleza, mankhwala opopera, mathalakitala ndi tirigu. Soviet Union itagwa mu 1991 zonsezo zinangoti zii. Mathalakitala anaima posowa dizilo, chakudya cha kumudzi chinkalephera kufika ku Havana, likulu la dzikolo, poti malole analibe mafuta, anthu anaonda, mpaka cha mu 1992 ndi 1993 anthu pafupifupi 50,000 anadwala matenda a mitsempha, ambiri maso kuchita chidima, chifukwa chosowa zakudya zokwanira m'thupi.

Nde zimene anachita pamenepo ndi zomwe aliyense amakonda kukamba. Malo ongokhala m'tauni, ngakhale potaya zinyalala, anawasandutsa madimba otchedwa organopónicos: amamanga timakoma tatifupi n'kudzazamo dothi losakaniza ndi manyowa komanso kompositi ya nyongolotsi, poti dothi la m'tauni lenilenilo ndi lachabe, kenako letesi, tomato, anyezi, kabichi, n'kumagulitsira pomwepo pageti osafunanso galimoto. Ng'ombe zapagoli zinabwerera kumunda. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi timalabu tating'onoting'ono toposa 200 timene anatimwaza m'dziko lonse, toweta tizilombo todya tizilombo tinzake, monga timavu ta Trichogramma toikira mazira m'mazira a mbozi, ndi nkhungu ya Beauveria yopha anankafumbwe a nthochi ndi mbatata. Zimenezi sizinangogwa kumwamba ayi, dzikolo linali kale ndi asayansi ambirimbiri ophunzira bwino, nde aliyense wonena kuti "tingotengera za ku Cuba" ayambe wafunsa kuti labu yake ili kuti.

Boma nalo linamasulako dzanja: mu 1993 minda yambiri ya boma anaigawa kukhala makopaletivu, mu 1994 analola misika yoti mlimi agulitse zotsala pamtengo wake, ndipo mu 2008 anayamba kubwereketsa malo ongokhala osalimidwa kwa aliyense wofuna kulima.

Apa nde pomwe ndinasiyana maganizo ndi anzanga pagulu. Iwo amafuna tilembe kuti Cuba inapambana basi, dziko la ulimi wopanda feteleza, ine ndikuti dikirani kaye. Mpaka lero dzikolo limagula kunja chakudya choposa theka la chomwe limadya. Mpunga, womwe kwa anthu a ku Cuba ndiye nsima yawo, wambiri umachokera kunja monga ku Vietnam, tirigu sachita bwino m'dziko lotentha ngati limenelija, nkhuku zozizira zambiri zimachokera ku America komweko ngakhale America inaletsa malonda ndi Cuba kuyambira 1962, poti lamulo la America la mu 2000 linalola kugulitsa chakudya bola alipire kashi. Mu 2024 zinadziwika kuti boma linachita kupempha bungwe la World Food Programme mkaka waufa wa ana. Dimba limakupatsa ndiwo, koma munthu sugona utadya letesi yekha, ndipo kompositi yokwanira kabedi ka tomato si yomwe ingakwanire mahekitala a mpunga. Ife amene tinaona thumba la feteleza likukwera mtengo mu 2022 tikudziwa kuti manyowa a padimba ndi a munda wa chimanga ndi nkhani ziwiri.

Komanso si zonse zomwe ungaloze chala chiletso cha America kapena namondwe, ngakhale mphepo ngati Ike ya 2008 inagwetsadi nthochi zambiri. Mlimi wa kumeneko amayenera kugulitsa gawo lalikulu la zokolola ku bungwe la boma logula mbewu pamtengo woikidwa ndi boma, malipiro kuchedwa, lole kusabwera, tomato n'kuolera m'makireti m'mbali mwa msewu, nde munthu wotere chaka chamawa awonjezera munda chifukwa chani?

Minda yambiri imene anasiya kulima nzimbe, makamaka atatseka pafupifupi theka la mafakitale a shuga mu 2002, inalowedwa ndi chitsamba chaminga chotchedwa marabú, chomwe kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa. Wobwereka malo amayamba walimbana nacho ndi chikwanje miyezi asanadzale kalikonse. Ena anangoganiza zochiwotcha makala, ndipo mu 2017 makala amenewo ndi omwe anakhala katundu woyamba wa Cuba kugulitsidwa mwalamulo ku America patatha zaka zoposa 50.