Canter yonse, katundu wake wotchi

Eya, ndi ine amene munandiona pa Kafue Road mu Lusaka kumbuyo kwa Canter nditakhala ndekha ngati mkwati wothawidwa. Musanayambe kunyoza mu gulupu, imvani kaye mbali yanga.

Kutatsala sabata kuti tifike pa 1 May, amayi a ku HR pa shopu yathu yaikulu ija anandiitanira pambali, ati bambo dzina lanu lili pa listi ya mphoto za Labour Day, mudzavale bwino. Ndiye inu mukanaganiza chani? Chaka chatha mnyamata wa ku butchery anapita kwawo ndi firiji ya zitseko ziwiri. Ine ndimapanga ma shelefu, msana wanga ukudziwa thumba lililonse la 25kg lomwe linalowa mu shopu muja, firiji imeneyo inali yanga basi.

Ndinangonong'oneza amake mwana usiku. Pofika m'mawa a landilodi akudziwa, azimayi a chilimba akudziwa, madamu asuntha kale kabati kuti firiji ipeze malo ndipo ayamba kuwerengera phindu la ma ice block. Ine ndinapita kwa mkulu wa kaloba, wokongoza ndalama ya chiwongoladzanja uja, kukatenga ndalama ya Canter ndi anyamata awiri onyamula aku msika wa Soweto, chifukwa firiji sukwera nayo basi ya ku Chawama.

Mwambo unachitikira kuseri ku stoko. A manijala ayamba kuwerenga, wolimbikira ntchito, firiji yapita kwa mayi wa pa tilu. Ndati palibe vuto, sitovu ilipo. Wokhulupirika, sitovu yapita. Matiresi yapita. Kenako dzina langa, ati mphoto ya munthu amene wayamba kufika nthawi yake pa ntchito. Wayamba! Anthu kuwomba m'manja mpaka a gadi kulira ndi kuseka. Mphoto yake wotchi yapakhoma, zija zinakana kugulidwa zomwe ine ndemwe ndinazichotsa pa shelefu, kasitika ka mtengo wotsitsidwa kadali pomwepo. Batire mulibe.

Apa ndi pamene dalaivala anamva m'manja, waganiza kuti nthawi yakwana. Canter ikubwera cham'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pa chitseko cha stoko, pii pii pii, anyamata awiri aja atsika ndi zingwe paphewa, wina wavula shati, wafika kutsogolo kwa a manijala, ati bwana katundu ali kuti. Ine chilili ndi wotchi pachifuwa, a HR akujambula chithunzi, ati mwetulirani bambo. Mnyamata uja wayang'ana wotchi, wayang'ana ine, wayang'ananso wotchi, kenako mwaulemu wake wagwira mbali imodzi mnzake mbali ina, anyamula awiriwiri. Anaimanga ndi chingwe abale. Dalaivala ati ndalama sibwerera, dizilo yapsa kale.

Ku Chawama tinapeza azimayi pageti, nthungululu inayamba bwino ndithu koma inafera pakhosi.

Za kuchedwa zija, amene amakwera basi m'mawa akudziwa, kondakitala sanyamuka mpaka idzaze ndipo shifiti imayamba 07:00. A manijala amabwera pa galimoto ya kampani, nanga angachedwe bwanji. Komanso muone payslip yanga, a penshoni a NAPSA atenga 5 peresenti yawo, a inshuwaransi ya chipatala a NHIMA 1 peresenti, yuniyoni kake, tsiku lomwe wachedwa limalembedwa. Msonkho wa PAYE wokha ndiye sindiudziwa, umayambira pamwamba pa K5,100 ndipo ine sindinafikeko, ngakhale a msonkho a ZRA amandimvera chisoni. Zotsalazo mwezi uno mkulu wa kaloba anazidikirira pa geti ya shopu, mochedwa ayi, iye nthawi amasunga.

Madamu sakundiyankhula kwenikweni, kabati abweza pamalo pake okha. Wotchi ili pakhoma, ikunena 10:10 kuyambira tsiku lomwelo. Amene ali ndi batire ya AA yosagwiritsa ntchito andipatseko, ya mu rimoti ana akana.