Zisudzo za pa Chanco: mwini sewero ndani?

Semesita ino tinali ndi kosi ya mbiri ya zisudzo m'Malawi, ndipo gawo lalikulu la kosiyo linali la pakhomo pomwe pano. Dzina la Chancellor College linachoka pa zikwangwani mu 2021, pamene makoleji anagawikana n'kusiyira Zomba dzina la University of Malawi, koma pakamwa pa anthu ndi Chanco basi, ndiye nanenso nditero.

Gulu la zisudzo loyendayenda la pa kolejiyi, la Travelling Theatre, linayamba mu 1970, koleji idakali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Analiyambitsa ndi mphunzitsi wa Chingerezi, John Linstrum, ndipo James Gibbs atabwera mu 1972 analikulitsa. Nzeruyi inali itayenda kale kwina: ku Ibadan ku Nigeria ndi ku Makerere ku Uganda ophunzira ankalongedza zovala za sewero m'galimoto n'kukaonetsa kutali ndi sukulu yawo. Mu 1973 koleji inasamukira kuno ku Chirunga, ku Zomba, ndipo m'zaka zotsatira panamangidwa bwalo la zisudzo la pamtetete. Great Hall inabwera pambuyo pake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Funso loyamba lomwe aphunzitsi anatiponyera linali loti, gulu loyendayendali linkayenda kupita kwa yani? Kwambiri linkapita m'masukulu a sekondale ndi m'makoleji a aphunzitsi, ndipo masewero ake anali a m'Chingerezi. Mpikisano wa zisudzo wa m'masukulu a sekondale wa bungwe la ATEM, womwe unayamba mu 1969, nawonso unali wa Chingerezi chokhachokha, popeza eni ake anali aphunzitsi a chiyankhulocho. Choncho galimoto inkayendadi mitunda, koma oonera anali amodzimodzi: ana a yunifolomu ndi aphunzitsi awo. Mayi wogulitsa zitumbuwa kunja kwa mpanda wa sukulu ankangomva kuseka. Iye zisudzo zake zinali pa wailesi ya MBC, pa Kapalepale ndi Pamajiga.

Chinthu chachiwiri chomwe chinaumba masewero a nthawi imeneyo ndi lamulo la 1968 lomwe linakhazikitsa Censorship Board. Sewero loonetsedwa pagulu linkayenera kukadutsa kaye kumeneko lili lolembedwa, ndipo bungwelo linali ndi mphamvu yodula mizere kapena kulikaniratu. Olemba anaphunzira kuphiphiritsa. Steve Chimombo analemba The Rainmaker, sewero lonena za Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje, munthu wogwetsa mvula amene anaphedwa chifukwa cha nsanje ya olamulira. Pamwamba ndi nkhani ya makolo, yomwe Matthew Schoffeleers, amene ankaphunzitsa pa koleji yomweyi, anaifufuza kwambiri. Pansi pake aliyense ankamva zake, ndipo ankazisunga mumtima. Masewero ena a zaka zimenezo Gibbs anawasonkhanitsa m'buku la Nine Malawian Plays mu 1976. Ambiri mwa olemba ankakumana mu Writers' Group, gulu la olemba la pa kolejiyi, momwe munalinso Jack Mapanje, amene kuphiphiritsako sikunamuteteze mpaka kalekale: anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Kuwerenga masewero amenewa lero kuli ndi msampha wake. Mnzanga wina m'kalasi amaona Kamuzu mwa mfumu iliyonse, apolisi achinsinsi a Special Branch mwa wamthenga aliyense, ndipo mvula ikachedwa m'sewero iye amati ndi ufulu. Nthawi zina amalondola. Koma tikawerenga choncho mzere uliwonse, timawalanda olembawo zina zonse zomwe ankafuna kunena, za chikondi, za maukwati, za mwana wophunzira wobwerera kumudzi. Anthuwa ankakhalanso moyo, samangokhalira kuzemba boma.

Mu 1981 zinthu zinatembenuka. Chris Kamlongera ndi David Kerr anatenga ophunzira kupita ku Mbalachanda ku Mzimba, ndipo m'malo monyamula sewero lomaliza kale, anakalipangira komweko kuchokera pa zomwe anaona ndi kumva kwa anthu. Kerr anali atagwirapo ntchito ku Zambia, komwe gulu la Chikwakwa la pa yunivesite ya ku Lusaka linkachita kale masewero m'ziyankhulo za anthu a m'madera omwe linkapitako. Ku Botswana nako kunali Laedza Batanani kuyambira mu 1974. Kuchokera apo Travelling Theatre inayamba kuchita masewero a m'Chichewa osalembedwa liwu ndi liwu, ndipo njira imeneyi ndi yomwe timaitcha Theatre for Development, kapena TfD mwachidule.

M'kalasi tinkafuna kuombera m'manja pamenepa, kuti Chingerezi chagonja. Aphunzitsi anatikumbutsa kuti Mbalachanda ndi dera la Chitumbuka, chiyankhulo chomwe boma linachichotsa pa wailesi mu 1968, chaka chomwecho chimene Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Kusiya Chingerezi sikunathetse funso loti sewero likuyankhula chiyankhulo cha yani. Ine monga woyankhula Chichewa sindinaganizepo kuti kwa anthu ena chiyankhulo changa chinkabwera ndi fungo la boma.

Ntchito yomwe inandikhudza kwambiri ndi ya ku Liwonde, pakati pa zaka za m'ma 1980, pamene gululi linagwirizana ndi a zaumoyo mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. M'midzi ngati Mwima ophunzira ankayamba ndi kucheza ndi anthu za zitsime, zimbudzi ndi matenda otsekula m'mimba. Kenaka ankapanga sewero lofika pamkangano, n'kuliimitsa pomwepo. Wochita sewero ankatembenukira kwa oonera, akadali mayi kapena mfumu ya m'sewerolo, n'kuwafunsa kuti mlanduwu uthe bwanji. Oonera ankayankha, ena n'kudzuka kulowa m'bwalo. M'dziko lomwe munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanadandaule za boma, sewero lokamba za chitsime linkapatsa anthu mpata wonena mokweza kuti wakuti sakugwira ntchito yake. Ndipo popeza zonenazo zinkachokera kwa oonera, panalibe pepala lomwe munthu akanalidula mizere pasadakhale.

Nanga nyimbo? Mabuku omwe tinawerenga amadzaza masamba ndi zisudzo, nyimbo n'kuzipatsa ndime zochepa. Dipatimenti ya Fine and Performing Arts itakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyimbo zinakhala phunziro lakelake. Munadutsa anthu ngati Mjura Mkandawire, katswiri wopeka nyimbo za kwaya, ndi Mitchel Strumpf wa ku America, wofufuza nyimbo za anthu a mu Africa. Makwaya ankabwera ku Zomba kudzasulidwa. Koma sewero lolembedwa limatsala pa shelefu mu laibulale, pamene kwaya ikaimba mu Great Hall usiku umodzi, mawa lake chotsala ndi pulogalamu ya pepala ngati wina waisunga. Apa ndinaona chinthu chondiseketsa pang'ono: lamulo lokakamiza kuti sewero lilembedwe lisanaonetsedwe linathandizira kuti masewero a Chingerezi asungike, pamene a m'Chichewa, omwe anaoneredwa ndi anthu ambirimbiri, timawadziwira m'zokumbuka za omwe analipo.

Tisaiwalenso kuti nthawi imeneyo nyimbo ndi magule zinali ndi mwini wina. Amayi a Mbumba ankavala nsalu za nkhope ya Ngwazi n'kuvina pa misonkhano, ndipo chimtali, chioda, ingoma ndi beni zinkasinthidwa mawu kuti zitamande mtsogoleri. Ophunzira akatenga nyimbo ya m'nthano kapena ya pamtondo n'kuiika m'sewero lokamba za chitsime chakuda, ankaibwezera ku ntchito yake yakale, yodzudzula ndi kulangiza.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino tsiku lomwe tinapita kumudzi wina kufupi ndi Zomba kukayesa njira ya ku Liwonde ija. Sewero lathu linali la mtsikana wosiyira sukulu panjira. Tinafika masana, anyamata awiri a m'mudzimo anatenga ng'oma yathu n'kukaiwamba pamoto wa mapesi chifukwa inali itafooka, akuigogoda ndi chala mpaka inayamba kulira bwino. Anthu anakhala mozungulira pansi pa mtengo wa mango, abambo pa mabenchi a kutchalitchi, amayi pa zitenje zawo, ana kutsogolo akukankhana. Sewero linayenda, anthu anaseka pomwe tinkayembekezera. Titafika pamkangano, mnzathu amene ankasewera ngati malume anatembenuka n'kufunsa kuti, "Nanga inu amayi ndi abambo, mwanayu titani naye?" Kunali zii. Bambo wina anayankha mwaulemu kuti sukulu ndi yabwino, ndipo onse anavomera ndi mitu. Linali yankho lopatsa alendo.

Kenaka mtsikana wa m'gulu lathu anayambitsa nyimbo yachinamwali yomwe anaiphunzira kwa agogo ake. Sanamalize mzere wachiwiri. Mayi wina wachikulire anaidula, akuseka: "Ayi mwanawe, kuno sitiimba choncho." Anaiyambanso yekha, mofulumirirapo, amayi ena n'kupolokezana naye, m'manja mukulira. Nyimbo itatha, mayi yemweyo sanakhale pansi. Anayang'ana malume wa m'sewero uja n'kunena kuti, "Inu achimwene, mwanena za ndalama ya yunifolomu, koma za mtunda wopita kusukulu simunanene. Ana athu amawoloka mtsinje." Kuchokera pamenepo mkangano unali wawo, ife tinangoima. Nkhani ya mtsinjeyo munalibe m'kafukufuku wathu.

Nthano kwathu simayamba wonena asanamve kuti "tilitonse", ndipo ndikuganiza kuti nyimbo m'masewero amenewa imagwira ntchito yomweyo. Funso limafuna munthu mmodzi wolimba mtima kuti ayankhe pamaso pa amfumu. Nyimbo aliyense amalowamo popanda kuloza chala, ndipo amene waikonza watenga kale bwalo.

Chondivuta ndi zomwe zinachitika ulamuliro wa chipani chimodzi utatha pa referendamu ya 1993 ndi zisankho za 1994. Njira ya TfD inafala kwambiri. Pulojekiti ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana, yothandizidwa ndi USAID, inagwiritsa ntchito ophunzira a pa Chanco m'midzi yambiri, ndipo bungwe la CRECCOM la kuno ku Zomba linaphuka kuchokera pa ntchito imeneyo. Panabweranso masewero osawerengeka a Edzi, a zisankho, a nkhanza za m'banja. Zabwino zinachitika, ndipo ambiri omwe anatitsogolera anapeza ntchito mwa njira imeneyi. Koma tonse taonapo sewero la pamsika lomwe uthenga wake unalembedwa kale mu ofesi ya bungwe lopereka ndalama, ochita sewero atavala matisheti a bungwelo, funso kwa oonera lili ndi yankho limodzi lodziwikiratu, nyimbo yake ili yongoitanira anthu kuti asonkhane. Maonekedwe ndi a ku Mwima, koma mayi uja wa mtsinje sangapezemo polowera.

M'kalasi tinatsutsana kwambiri pa mfundo imeneyi. Ena ankati popanda ndalama za mabungwe palibe galimoto yofika kumudzi, ndiye kudandaula za uthenga wolemberatu ndi ulesi wa anthu okhala pa Chirunga. Akunena zoona pa za galimotoyo. Ine ndinaima poti ngakhale ntchito ya ku Liwonde inali ndi ndalama za ku Germany, koma inasiya mathero a sewero m'manja mwa eni mudzi, kusonyeza kuti ziwirizi zimatheka.

Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndasankha kuti akhale wa nyimbo za m'masewero a Travelling Theatre a zaka za m'ma 1980. Ambiri omwe anaimba adakalipo, ena ndi aphunzitsi opuma, ena ali m'mabungwe ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndikufuna kuwafunsa nyimbo zomwe ankapita nazo kumudzi ndi zomwe ankabwerako nazo, ndipo amene angavomere ndidzawapempha kuti andiimbire ndijambule.