Kukwera ndege ndili woyembekezera: ulendo unayambira kusikelo

Kuno ku Zomba timawerenga pakati ndi miyezi, koma makampani a ndege amawerenga ndi masabata. Mkulu wanga atandiitana ku Joni, ndisanafunse n'komwe za mtengo wa tikiti ndinatenga kabuku kanga n'kupita kusikelo kuti azamba andiwerengere.

Anayang'ana tsiku limene sikani inanena kuti ndidzachira, kenako anandifunsa kuti, "Amayi, nanga kubwerako ndi liti?" Funso lenileni ndi limenelo. Makampani ambiri amalola mayi kukwera mpaka sabata ya 36 ngati mwana ali mmodzi, ndipo ngati ndi mapasa amalekeza pa 32. Ukhoza kunyamuka uli mkati mwa malamulo koma pobwerera n'kukanizidwa, ukachirira kwa eni ake kumene chipatala ndi cholipira. Ine ndimanyamuka pa masabata 29, kubwerako pa 31. Nthawi yabwino kwambiri ndi pakati pa sabata ya 14 ndi ya 28, mseru utachepa koma thupi lisanalemere, kungoti ulendo wanga sunagwere pamenepo.

Anandiyeza BP ndi kuchuluka kwa magazi. Za magazizi anazifotokoza bwino. Mpweya wa m'ndege umakhala wopepuka ngati wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, tinene ngati uli pamwamba pa phiri la Zomba. Mayi wa magazi okwanira samva kanthu, mwananso amapeza mpweya wake bwinobwino. Koma amene magazi ake atsika kwambiri, amene wakhala akutaya magazi, wa BP yokwera, kapena amene akuonetsa zizindikiro zoti angachire masiku asanakwane, ameneyo ndi bwino aimitse kaye ulendo. Kwathu kuno malungo ndi kuchepa kwa magazi zimayendera limodzi, nchifukwa chake timibulu towonjezera magazi tija ndi Fansidar wa kusikelo sindinkaziphonya.

Ukadutsa masabata 28, ambiri amafuna kalata ya dokotala yonena masabata a pakati, tsiku loyembekezeka kuchira, ndi kuti palibe chovuta. Ndinaimbira kaye kampani ya ndegeyo chifukwa malamulo amasiyana, ena amafuna kalata yolembedwa masiku ochepa chabe ulendo usanachitike. Yanga ndinaonetsetsa kuti ili ndi chidindo ndiponso masiku onse awiri, lopita ndi lobwerera. Ndinaiika m'kachikwama ka m'manja pamodzi ndi kabuku ka kusikelo, osati m'sutikesi.

Kunena zoona, chimene chinanditopetsa ndi msewu. Kuchoka m'tauni kudzera pa Thondwe, Namadzi, Njuli mpaka ku Chileka, abambo akunyumba anakana zoti ndipanikizane m'minibasi, anabwereka galimoto ya mnzawo. Apongozi ankada nkhawa ndi chitseko chofufuzira zitsulo cha pabwalo la ndege chija, amati chingamuotche mwana. Sichigwiritsa ntchito X-ray, imeneyo ndi ya katundu, ndipo ndinadutsa ngati wina aliyense.

Pa kauntala anawerenga kalata ija n'kundipatsa mpando wa m'mbali mwa kanjira, monga ndinapempha. Wa pa chitseko cha pangozi sapereka kwa woyembekezera. Lamba ndinamangira pansi pa mimba, modutsa m'chiuno, ndipo ndinkamusiya womanga nthawi yonse imene ndakhala chifukwa ndege imagwedezeka mosachenjeza.

Chimene madokotala amaopa kwenikweni ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Pakati pamachititsa kale kuti magazi aziundana msanga, ndiye kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumawonjezera. Vutoli limakula pa maulendo opitirira maola anayi, pomwe amalangizanso kuvala sokosi zothina za kuchipatala. Wa ku Joni sufika pamenepo, komabe ndinkazunguza mapazi, kudzuka n'kuyendako, kumwa madzi osaumira. Dzulo lake ndinali nditapewa nyemba ndi kabichi, ndipo m'ndegemo ndinakana zakumwa za gasi, poti mpweya wa m'mimba umafufuma ndege ikakwera.

Titatera pabwalo la ndege la OR Tambo ku Joni mapazi onse awiri anali atatupako, zimene sizachilendo. Azamba anali atandiuza kuti choopsa ndi mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kuwawa pa katumba, kapena kubanika ndi kupweteka pachifuwa, ngakhale patapita masiku. Zikatero, kapena madzi kaya magazi akayamba kutuluka, n'kuthamangira kuchipatala chapafupi osadikira kubwerera ku Zomba.